TSIKU LIMENE NDEKE INATSIKA MWAKACHETECHETE

Ife okhala m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Chama, ndeke timayamba kuimva ndi makutu tisanaione ndi maso. Ikamadutsa, ana amasiya masewera, amayi amaimika misi m'mitondo, ndipo tonse timakweza nkhope kufunafuna kachinthu konyezimira pakati pa mitambo. Koma pali tsiku limodzi limene ndinaona ndeke ndisanaimve, pakuti inkabwera yopanda phokoso lililonse. Papita zaka zambiri chichitikire zimenezi, mutu wanga wachita imvi ndipo ntchito ya uphunzitsi ndinapuma, koma tsikulo silinachoke mumtima mwanga. Ndaganiza zokulemberani, owerenga okondedwa, chifukwa mbali ina ya mlandu wa tsiku limenelo inali yanga, ndipo sindifuna kuti wina adzausenze monga ndausenzera ine.

BWALO LA PAFUPI NDI SUKULU

Amene sanafikeko kwathu ayenera kudziwa poyamba kuti ku Chama nkutali. Kum'mawa kuli mapiri a m'malire a dziko la Malawi, kumadzulo kuli mapiri a Muchinga, ndipo pakati pake, m'mbali mwa Luangwa ndi timitsinje tothira m'menemo, muli midzi ya Asenga ya mafumu monga Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda. Nthaka yathu imabereka mpunga wodziwika m'dziko lonse, koma madzi amene amakulitsa mpungawo ndi omwewo amene amatitsekera njira. M'masiku amene ndikunenawa, mvula ikangokhazikika, galimoto yochokera ku Lundazi inkatha kukhala m'matope masiku angapo, ndipo midzi ya kutali ndi boma inkasanduka ngati zilumba. Munthu wodwala kwambiri ankanyamulidwa pa machila, ndipo ambiri ankatsirizikira panjira.

Nchifukwa chake makolo athu analambula mabwalo a ndeke m'malo angapo a m'chigwa. Bungwe la Zambia Flying Doctor Service, limene linayambitsidwa ndi Dr James Lawless mu 1965 ndipo likulu lake lili ku Ndola, linaonetsa dziko lonse kuti kandeke kakang'ono kangafikitse dokotala m'maola owerengeka kumene galimoto ikanafika patapita masiku. Amishoni ndi osamalira nyama zakutchire nawonso ankadalira tindeke totere. Bwalo limodzi lotero linali pafupi ndi sukulu imene ndinatumizidwako ndili mnyamata. Koma pamene ine ndinkafika, ndeke zinali zitayamba kubwera patalipatali. Udzu unakula, chiswe chinamanga zulu ziwiri chakumapeto, mbuzi zinapeza podyera, ndipo njira ya kuchitsime inadula pakati penipeni.

Kenaka kunadza tsoka limene Mzambia aliyense wa msinkhu wanga amalikumbukira. Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndeke ya mtundu wa Buffalo imene inanyamula timu ya mpira ya dziko lathu kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka pa Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo anali osewera. Kusukulu kwathu tinamvera maliro pa wailesi imodzi, aphunzitsi ndi ana tonse titazungulira, ndipo anyamata analira ngati afedwa abale awo enieni. Patapita nthawi anabwera kwa ine, popeza ndinali woyang'anira masewera, nati akufuna bwalo labwino la mpira kuti adzalowe m'malo mwa ngwazi zimene zinapita. Malo osalala koposa m'dera lonselo anali bwalo la ndeke. Sindinaganize kawiri. Tinadula mitengo yolimba ya mopani, tinakumba maenje akuya, tinazika magoli awiri pakati pa bwalolo.

Akatekisiti athu, bambo wokalamba wosachulukitsa mawu, anandipeza tikupondereza dothi m'maenjemo.

"Aphunzitsi," anatero, "bwaloli lili ndi eni ake."

"Eni akewo anabwera liti komaliza, abambo?" ndinayankha ndikuseka. "Akadzabwera adzatitumizira uthenga, tidzazula."

Anandiyang'ana kanthawi nati, "Mwana wanga, tsoka silinunkha." Anakwera njinga yawo napita.

MASANA A MWEZI WA NOVEMBALA

Zaka ziwiri kapena zitatu zinapita. Anali masana otentha a mwezi wa Novembala, mvula yoyamba itagwa kawiri, ndipo ndinali pabwalo ndi anyamata oposa makumi awiri. Mmodzi anasiya mpira naloza kumwamba. Kandeke koyera kankatsika molunjika pa ife kuchokera kumpoto, kali pansi kwambiri kuposa mmene tinazolowera. Pulopela yake, chitsulo chozungulira cha kumphuno chija, inkangozungulira mwaulesi chifukwa cha mphepo, koma kulira kwa injini kunalibe. Timangomva kafuwu ngati wa mphepo yodutsa m'nsungwi.

Ndikanayenera kukuwa kuti ana athawire m'mbali, koma ndinangoti kakasi. Anyamata ena anaima chilili pakati pa bwalo, ena anathamangira kumene ndekeyo inkachokera kuti akaione bwino. Ndipo ngakhale onse akanathawa, mitengo yanga ya mopani sikanathawa. Ndinaona mapiko akupendekeka pang'ono, ndekeyo inasiya bwalo, inadutsa pamwamba pa mitengo ya kumbuyo kwa sukulu nkulowera kudambo kumene anthu amalima mpunga. Tinamva kugunda kumodzi, kenaka bata.

Titafika tinapeza mphuno ya ndeke yazikika m'matope, mchira uli m'mwamba. Pamwamba dambolo linkaoneka louma, koma pansi mvula inali italifewetsa, ndipo gudumu lakutsogolo linatitimira nkuthyoka. Zitseko zinali zotsekuka kale. Woyendetsa, magazi ali chuchuchu pamphumi, ankatulutsa mayi wina woyembekezera amene ankapita naye kuchipatala chachikulu, ndipo namwino amene ankamperekeza anali atakhala pansi atagwira mkono wake wothyoka. Onse atatu anali amoyo. Popeza ndinali wodziwa Chingelezi, woyendetsayo anandigwira paphewa, ndipo mawu ake oyamba sanali odandaula kapena okalipa. Anati ndiuze anthu kuti aliyense wosuta fodya aime kutali, chifukwa mafuta ankadontha kuchokera m'phiko.

Tinawanyamula kupita nawo ku kachipatala ka m'dera lathu, kumene kunali wailesi yotumizira mauthenga. Yankho linabwera dzuwa litapendeka: ndeke ina ingathe kudzawatenga, koma osati tsiku lomwelo, chifukwa bwalo silinali lokonzeka ndipo mdima unali pafupi. Idzabwera m'mamawa ngati woyendetsa amene anali nafeyo atsimikiza kuti bwalo layera. Amfumu anatuma anyamata m'midzi, akatekisiti anaimba chitsulo cha patchalitchi, ndipo anthu anasonkhana ndi makasu, nkhwangwa ndi zikwakwa. Tinakoleza moto m'mbali mwa bwalo nkuyamba ntchito imene tikanayenera kuichita chaka ndi chaka. Magoli aja ndinazula ndekha, ndipo palibe amene anandinena. Akatekisiti anangobwera nandithandiza kukwirira maenje.

ZIMENE ANANDIFOTOKOZERA USIKU UJA

Pakati pa usiku woyendetsa uja, mutu uli womangidwa nsalu, anayenda bwalo lonse akuwerenga mapazi, ine ndili pambali pake ndi nyali. Titatha tinakhala pamoto, ndipo ndinamufunsa funso limene tonse tinali nalo: zatheka bwanji kuti ndeke yofa injini isagwe ngati mwala? Zimene anandiuza ndinadzazitsimikizira pambuyo pake powerenga, ndipo ndikuganiza kuti nzoyenera kuti Mkhristu aliyense wokhala kumudzi azidziwe.

Chimene chimanyamula ndeke si injini koma mapiko. Injini imangoikokera kutsogolo kuti mphepo izidutsa pamapikowo. Injini ikazima, woyendetsa amaweramitsa mphuno pang'ono, ndipo ndeke imatsetsereka mumlengalenga monga amachitira muimba akatambasula mapiko osakupiza. Kandeke kodziwika bwino ka mtundu wa Cessna 172 kamapita mamita pafupifupi 9 kutsogolo pa mita imodzi iliyonse imene katsika. Motero ngati kali mamita 1,000 pamwamba pa nthaka, kangafike pamtunda wa makilomita pafupifupi 9, ndipo woyendetsa amakhala ndi mphindi zinayi kapena zisanu. Mphindi zimenezo ndiye chuma chake chonse, ndipo sangaziwonjezere.

M'mphindizo ayenera kuchita zinthu motsatira ndondomeko imene anailoweza pamtima ali pasukulu. Choyamba ndicho kusunga liwiro loyenera, limene pa kandeke kotere ndi makilomita pafupifupi 120 pa ola. Mantha amamuuza munthu kuti akweze mphuno kuti asatsike, koma akatero liwiro limachepa, mapiko amaleka kunyamula, ndipo pamenepo ndiye ndeke imagwadi. Ambiri amene anafa pangozi zotere anafa chifukwa cha kukana kutsika. Chachiwiri ndicho kusankha potera: bwalo ngati lilipo, apo ayi munda wokololedwa, dambo louma, mchenga wa m'mphepete mwa mtsinje kapena msewu wopanda mawaya. Amayang'ana utsi wa m'midzi kuti adziwe kumene mphepo ikuchokera, pakuti ndeke yotera moyang'anizana ndi mphepo imaima msanga. Chachitatu ndicho kuyesa kudzutsa injini, ndipo chachinayi ndicho kuitana pa wailesi, kunena mawu akuti Mayday katatu ndi kutchula pamene ali. Atatsala pang'ono kugunda pansi amatseka mafuta ndi magetsi kuopa moto, ndipo amamasula zitseko kuti zisakanirire ndeke ikapindika. Apa ndinamvetsa chifukwa chake tinapeza zitseko zili zotsekuka.

Ndinamufunsanso chimene chimapha injini. Anati injini za tindeke zinapangidwa mosamala kwambiri, kotero kuti ngakhale moto wotentha mafuta m'kati mwake umachokera ku zipangizo ziwiri zosadalirana, kuti china chikafa chinzake chipitirize. Kawirikawiri vuto limayambira pa zinthu zazing'ono zimene munthu akanatha kuziona. Mafuta amatha chifukwa sanawerengedwe bwino, kapena alipo m'thanki ina koma woyendetsa waiwala kutembenuza kampopi. Madzi amalowa m'mafuta, makamaka kumene mafuta amasungidwa m'migolo yokhala panja. Nthawi zina, ngakhale kunja kukutentha, mpweya wachinyontho umaundana nkusanduka ayezi pakhosi pamene injini imakokera mpweya ndi mafuta, ndipo imatsamwa. Nthawi zinanso oilo amatayika, kapena chitsulo chimene chagwira ntchito zaka zambiri chimachita mng'alu wosaoneka ndi maso. Nchifukwa chake ndeke zonyamula anthu zimayesedwa ndi amakaniko pakapita maola oikika, ndipo injini imamasulidwa yonse ikakwanitsa maola pafupifupi 2,000, ngakhale ikulira bwinobwino.

Atanena zimenezi anakhala chete, kenaka anandiuza chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, motero amakhazikika pansi pa thanki. Lamulo nlakuti woyendetsa akathira mafuta, atulutseko pang'ono kunsi kwa phiko lililonse mu kabotolo koonekera m'kati. Mafuta a tindeke amakhala a mtundu wa buluu, ndipo madzi akakhalamo amaoneka poyera pansi pa kabotoloko. Ntchitoyi imatenga mphindi ziwiri zokha. Tsiku limenelo anathira mafuta a mumgolo pamalo amene anakatenga wodwalayo, ndipo poona mmene mayiyo ankavutikira, anafulumira nkunyamuka osayesa. Injini inazima atangotembenuzira ku thanki imene anathiramo mafuta atsopanowo.

"Pamapu anga bwalo lanu lilipo," anatero. "Nditaliona patsogolo panga ndinathokoza Mulungu. Kenaka ndinaona ana ndi mitengo."

Sanawonjezere kanthu. Munthu amene akanatha kuponya mlandu wonse pa ife anayamba ndi kuulula wake. Pamenepo ndinamuuza kuti amene anazika mitengoyo ndine. Anagwedeza mutu, ndipo tinakhala pamoto paja anthu awiri olakwa mofanana, mmodzi wakumwamba, wina wapansi.

SI KWATHU KOKHA

Kuchokera tsiku limenelo, nkhani iliyonse ya ngozi ya ndeke ndimaimvetsera mosiyana ndi kale, ndipo pafupifupi m'nkhani iliyonse ndimapezamo zomwezo zimene ndinamva pamoto paja.

Lipoti la ngozi ya ku Gabon, limene linatuluka mu 2003, linanena kuti injini ya kumanzere ndiyo inawonongeka ndeke itangonyamuka, koma woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa ya kumanja imene inali yabwino. Ndeke imene ikanatha kuuluka ndi injini imodzi inatsala yopanda mphamvu konse, usiku, pamwamba pa nyanja. Mu Sepitembala 2004, kandeke ka mtundu wa Cessna 210 konyamula alendo odzaona dziko lathu kanagwa katachoka ku Livingstone, pulopela yake itasomphoka kali mumlengalenga, ndipo anthu onse asanu ndi mmodzi anafa. Chitsulo chotere sichisomphoka popanda chiyambi. Chimene chinaoneka m'kamphindi chinali chitayamba kale mobisika.

Ngakhale tsidya lina la malire athu, pa 10 Juni 2024, ndeke ya mtundu wa Dornier 228 imene inanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti wa Malawi, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, italephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa. Apa vuto silinali injini, koma pali chinthu chimodzi chimene chinandikhudza. Ndeke zimakhala ndi kachipangizo kamene kamatumiza chizindikiro chokha ndeke ikagwa, kuti ofunafuna aipeze msanga. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti batire la kachipangizoko linali litatha nthawi yake mu 2004. Ndekeyo inapezeka tsiku lotsatira.

Koma pali nkhaninso zotonthoza. Pa 15 Januwale 2009, ndeke yaikulu ya mtundu wa Airbus A320 inawombana ndi gulu la atsekwe itangonyamuka mumzinda wa New York, ndipo injini zonse ziwiri zinafa. Woyendetsa, Chesley Sullenberger, anaiteretsa pamadzi a mtsinje wa Hudson, ndipo anthu onse 155 anapulumuka. Dziko lonse linatamanda luso lake, ndipo nzoona kuti linali luso lalikulu. Koma kunali nyengo yachisanu, madziwo anali ozizira kowopsa, ndipo anthuwo akanafa pamapiko pamene anaimirira pakanapanda oyendetsa mabwato a pamtsinjewo, amene anafika m'mphindi zochepa chifukwa anali okonzeka. Woyendetsa ndeke amachita mbali yake mumlengalenga, koma kumaliza kwa nkhani kumakhala m'manja mwa anthu apansi.

M'MAMAWA MWAKE

Tibwerere ku bwalo lathu. Tambala woyamba akulira, zulu zinali zitasalazidwa, udzu utametedwa, maenje atakwiriridwa. Amayi a m'miphakati anaphika phala, anyamata anaima m'malire kutchinga mbuzi, ndipo tinasiya moto umodzi ukufuka utsi kuti woyendetsa wobwerayo aone mphepo. Dzuwa litangotuluka tinamva kulira kwa injini, ndipo sindinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo. Ndekeyo inazungulira kamodzi, inatera bwinobwino pamalo omwewo pamene panali magoli anga, inanyamula anthu atatu aja nkupita.

Patapita masabata angapo tinalandira uthenga. Amakaniko anapezadi madzi m'mafuta. Namwino anachira, mayi uja anapulumuka, koma mwana amene anali m'mimba sanakhale ndi moyo. Palibe amene ananena kuti usiku umene anachedwa kwathu ndiwo unachititsa. Komabe ine ndimadziwa kuti bwalo likanakhala loyera, ndeke yoyamba ikanatera popanda kugubuduka, ndipo yachiwiri ikanatha kufika dzuwa lisanalowe. Nkhaniyi ndinapita nayo kwa abambo mfumu m'sakramenti la kulapa. Anandiuza kuti Mulungu wakhululuka, ndipo kuti chindapusa changa chikhale kusamala bwalolo masiku onse amene ndidzakhale pasukulupo. Ndinachita zimenezo, ndipo bwalo la mpira tinakalambula kwina. Linali lotsetsereka pang'ono, koma anyamata sanadandaule.

CHIMENE NDIKUPEMPHA

Mpingo wathu unazindikira kale kufunika kwa tindeke timeneti. Mu 1925, wansembe wa chipani cha Oblates dzina lake Otto Fuhrmann anamwalira m'dziko limene tsopano ndi Namibia, atanyamulidwa masiku angapo kupita kuchipatala. Mnzake, Bambo Paul Schulte, amene ankadziwa kuyendetsa ndeke, anakhudzidwa kwambiri ndi imfayi, ndipo mu 1927 anayambitsa bungwe la MIVA lopezera amishoni magalimoto, mabwato ndi ndeke. Mu 1920 Papa Benedikito wa 15 anaika Amayi Maria a ku Loreto kukhala nkhoswe ya oyenda mumlengalenga, ndipo timawakumbukira pa 10 Disembala, mkati mwa nyengo ya Adventi. Ndi bwino kuti patsikulo tizipempherera oyendetsa ndeke, amakaniko ndi anamwino amene amauluka chifukwa cha odwala athu. Koma pemphero limene limakwera kumwamba pamene bwalo lili ndi zitsa ndi pemphero lopunduka mwendo umodzi.

M'nyengo yomweyi ya kudikira, maganizo anga amapita ku fanizo la anamwali khumi la mu Uthenga Wabwino wa Mateyu Woyera. Kale ndinkadabwa kuti chifukwa chiyani anamwali ochenjera aja anakana kugawira anzawo mafuta. Tsopano ndimamvetsa kuti pali zinthu zina zimene sizingabwerekedwe pa ola lomaliza. Woyendetsa amene injini yamufera sangabwereke maphunziro amene sanaphunzire, sangayese mafuta amene sanayese ali pansi, ndipo mudzi sungasalaze chulu m'mphindi zinayi. Zonse zimene zimapulumutsa moyo pa nthawi imeneyo zimakhala zitachitika kale, pa masiku wamba pamene palibe amene ankaona kapena kuyamikira. Anamwali opusa aja sanali anthu oipa. Anangoganiza monga ndinaganizira ine, kuti uthenga udzabwera nthawi ikadalipo.

Masiku ano misewu ina ya kwathu yakonzedwa ndipo matelefoni a m'manja afika m'midzi yambiri, koma Luangwa amasefukirabe, ndipo tindeke timadutsabe pamwamba pathu. Choncho ndikupempha amfumu, aphunzitsi, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati a m'madera amene muli mabwalo a ndeke: musalole kuti palimidwe munda, pamangidwe nyumba, pazikidwe mtengo kapena pakumbidwe dothi loumbira njerwa. Gawanani miyezi yometa udzu ndi kusalaza zulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Phunzitsani ana kuti akaona ndeke ikutsika athawire m'mbali, asathamangire kutsogolo kwake. Ndeke ikagwa pafupi ndi mudzi wanu, musayandikire ndi moto kapena fodya. Ovulala muwanyamule mosamala, msana ndi khosi zili zowongoka, ndipo ngati palibe choopsa cha moto ndi bwino kudikira wodziwa zachipatala. Tumizani uthenga msanga kuchipatala ndi kupolisi. Musatole chitsulo chilichonse, ngakhale kamsomali, chifukwa ofufuza amaphunzira pa tizidutswa tomweto chimene chinalakwika, kuti chisadzaphe ena.

Ndipo inu amene kwanu kulibe bwalo la ndeke, musaganize kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Yendetsani maso pa ntchito imene Mulungu anaika m'manja mwanu: mabuleki a minibasi imene mumayendetsa, bwato limene mumawolotsera anthu, mankhwala amene mumasunga m'kabati ya kuchipatala, chitsime chosavundikira cha kuseri kwa nyumba. Paliponse pali kantchito ka mphindi ziwiri kamene timakadumpha chifukwa dzulo tinakadumpha ndipo sipanachitike kanthu. Munthu amene adzafune kuti kantchitoko kakhale kochitika mwina simumudziwa nkomwe, monga ine sindinamudziwe mayi uja, ndipo mpaka lero dzina lake sindilidziwa.

Akatekisiti aja anamwalira kalekale. Mulungu awalandire m'mtendere wake. Chaka chilichonse pa 10 Disembala ndimapereka Misa yowapempherera iwo, pamodzi ndi mwana uja amene sanaone dzuwa, ndipo ndikupempha kuti nanunso muwakumbukire m'kolona yanu ya pabanja.